Mwana Wozizira M'bwato la Nyika

Mwana wanga woyamba anabadwa chaka chimene mvula inatinamiza. Inagwa kawiri, mapira ndi mchewere zinamera bwinobwino, kenako thambo linangoti mbee, dzuwa n'kuwotcha zonse zikadali m'mawondo. Nthawiyo nkhondo ya Ajeremani inali itatha, ndipo tinkakhala kwa Ndamera, kwawo kwa bambo a mwanayo, amene anali Msena. Ine ndine Mmang'anja wa kwa Makhuwira. Ndinakwatiwa ndili wamng'ono, wodziwa zinthu ziwiri zokha: kusinja ndi kuyankha anthu mokalipa.

Msonkho sunkafunsa ngati mvula yagwa. Mwamuna akalephera kukhoma, asilikali a kuboma ankagwira mkazi wake n'kukamusunga mpaka ndalama ipezeke. Bambo a mwana sanafune kuti ndikagone kuboma ndi khanda, choncho anatsatira anzawo kupita kuminda ya nzimbe ya kwa Apwitikizi. Ananyamuka mchombo wa mwana utangogwa kumene. Anandisiyira mtsuko umodzi wa mchewere, nkhuku ziwiri, ndi chikho cha mbewu ya chimanga chomata pakamwa ndi dothi. Atafika pakhomo anatembenuka n'kuloza chikhocho.

"Zonse udye, koma icho ayi. Madzi akaphwa ukabzale kudimba. Ukadya icho, wadya chaka chamawa."

Ndinati ndamva, ndipo ndinawawuza kuti afulumire asanapsere panjira. Atangokhota ndinalowa m'nyumba n'kulira ngati pamaliro.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu woyeza chilichonse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndiye sindinawerengere za ku nzimbe zomwe sindinkadziwa kuti zibwera liti. Mchewere ndinkatapa dzanja limodzi patsiku, ndipo ndikatapa ndinkalemba ndi khala m'kati mwa mtsuko pomwe wafika. M'mawa ndinkasuzumiramo ngati kuti mwina wachuluka ndili mtulo. Mazira sindinalawe n'limodzi lomwe, ndinkasinthitsa ndi tinsomba touma ta makakana kwa asodzi. Nkhuku yoyamba inapita ndi mchere. Yachiwiri ndinaisunga nthawi yaitali, ndikuikambitsa ngati mnzanga, mpaka nayo inapita ndi kamtanga ka gaga. Nsalu ndinali nazo ziwiri, ina yovala, ina yoberekera, ndipo yoberekerayo ndinkaichapa ndi phulusa mwana ali maliseche pamphasa.

Njala yanga ndinkaipirira. Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi mkaka. Mwana ankayamwa, n'kulavula bere, n'kulira, n'kuligwiranso mwaukali. Kenako anayamba kulira motsitsa, ngati kamwana kambuzi kali kutali. Ndinkangomupapasa paliwombo kuona ngati palowa. Ndinkaopa kugona, ndinkaopanso kudzuka. Ndikayang'ana chikho cha mbewu chija chili padenga, mkamwa munkadzaza malovu, ndiye ndinkatuluka panja kuti ndisachione.

Akazi a m'mudzimo anali atayamba kale kupita ku nyika. Nyika ndi timibulu takuda timene timamera m'matope pansi pa madzi a m'dambo, kunsi kwa maluwa oyandama aja. Umalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, n'kumafufuza ndi zala za kumapazi, ukatipeza n'kumira kuti uzule. Ukasenda n'kuphika, kapena kuyanika n'kusinja, mimba imakhala chete ndipo bere limatuluka. Koma m'madzi momwemo ndi kwawo kwa ng'ona ndi mvuu. Mwezi womwewo mayi wina wa mudzi woyandikana nafe anamira kukazula, anzake anangoona madzi akufiira.

Ng'ona ndinkaiopa, koma panali china chomwe chinandimanga miyendo. Kwathu mwana akabadwa amakhala wozizira mpaka bambo ndi mayi ake atamuchitira mwambo womutenga, umene umachitika m'nyumba mwa awiriwo, mwanayo atakhwimako. Asanatengedwe sayenera kugwiridwa ndi munthu wotentha, ndiko kuti aliyense amene akugona mphasa imodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake. Akamugwira, mwana amadwala tsempho: amatupa nkhope ndi mapazi, amatsokomola, n'kumwalira. Wanga bambo ake anachoka nthawi yomutenga isanakwane. Omugwira anayenera kukhala nkhalamba kapena tiana, koma nkhalamba za m'mudzimo, pamodzi ndi apongozi anga, zinapita ndi chimfine chija chinabwera nkhondo itatha, ndipo tiana tomwe tinatsala tinkagwa tokha ndi njala. A mishoni ankati tsempho ndi bodza. Ine ndinkati akayesere pa ana awo.

Tsiku limene khala linafika pansi pa mtsuko, ndinabereka mwana n'kutsikira kudooko. M'bwatomo munali akazi atatu, onse a pabanja, amuna awo asodzi ali pamudzi pomwepo. Wamkulu wawo anali mkazi wa alamu anga, mchimwene wake wa bambo a mwana. Ndinkawatchula kuti akulu. Anali mayi wamtali, wosaseka, ndipo sitinkamwerana madzi kwenikweni chifukwa ankati Amang'anja timathira nsinjiro ngakhale pamadzi akumwa.

"Make mwana, m'mwadiya muno ukupita ndi khanda?" anandifunsa. Mwadiya ndi bwato m'Chisena.

"Nanga ndimusiyire ndani, akulu? Galu?"

"Bwera naye ndimulandire, ukwere bwino."

"Ayi! Musamukhudze! Sanatengedwe ameneyu."

Anayang'anizana okhaokha, n'kusunthira kutsogolo kundisiyira kumbuyo konse. Ndinakhala komweko nditafungatira mwana ngati thadzi loona kabawi. Mmodzi akatambasula mwendo ndinkakoka nsalu ya mwana kuti ingamukhudze. Wamng'ono mwa iwo anayamba kundiseka kuti mawa ndibwere ndi mpanda ndimange pakati pa bwato. Ndinamuyankha kuti adikire abereke wake womusiyira ng'ona.

Kudambo tinkazika mtengo wopondera bwato m'matope, n'kumangirira bwatolo pamenepo. Mwana ndinkamugoneka m'lichero pansi pa bwato, ndikumuphimba ndi masamba a m'madzi kuti dzuwa lisamutenthe, kenako ndinkatsika. Sindidzaiwala kuzizira kwa matope aja ndi misundu yokakamira m'ntchafu. Chilichonse chondikhudza mwendo ndinkati ndi ng'ona. Ndikamira, m'makutu munkangoti wuu, ndipo ndinkaganiza kuti ndikavuuka ndipeza lichero lopanda kanthu. Anzanga ankapita kutali komwe nyika zinali zambiri, ine ndinkangozungulira pafupi ndi bwato, motero dengu langa silinkadzaza. Komabe tinkadya. Patapita masiku angapo bere linayamba kulemera, ndipo mwana anayambanso kulira mokweza. Sindinasangalalepo ndi phokoso ngati limenelo.

Nyika za pafupi zinatha. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupita patali pang'ono, kuseri kwa bango, chifukwa kunyumba kunalibe ngakhale chotafuna. Ndili komweko ndinamva kupuma kwamphamvu, kenako mmodzi wa akazi aja anakuwa kuti, "Mvuu! Mvuu!" Inavuuka chapafupi ndi bwato, madzi n'kugavira. Akazi awiri aja, kupatula akulu, anathamangira kubwato n'kuligwira mbali imodzi onse pamodzi kuti akwere. Ndinaona ndi maso angawa bwato likupendekeka, madengu akugubuduka, lichero likutsetsereka, mwana wanga n'kugwera m'madzi.

Ndinafuna kuthamanga koma matope anandigwira miyendo. Amene anali pafupi anali akulu. Anamira pomwepo, n'kuvuuka atamugwira mwendo umodzi, mutu uli pansi. Anamumenya kumsana, mwana anasanza madzi, n'kulira. Kenako anamukumbatira pachifuwa chawo, khungu ndi khungu, n'kukwera naye m'bwato. Mvuu ija inamira n'kupita kwina, ndipo palibe amene anaiyang'ananso.

Nditakwera ndinamukwatula m'manja mwawo. Sindinathokoze. Mawu oyamba kutuluka mkamwa mwanga anali akuti, "Mwandiphera mwana! Mwamugwira!" Ndinanena zimenezo kwa munthu amene madzi ankachuchabe m'tsitsi mwake. Akulu anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana akazi awiri aja, n'kutsekanso. Anangotenga mtengo n'kuyamba kuponda bwato. Nyika za tsikulo zinatsala pansi pa dambo.

Kunyumba ndinamuvula mwana n'kumuunika thupi lonse. Mapazi ankaoneka ngati atupa. Ndikayang'ananso ankaoneka ngati ali bwino. Atatsokomola, ndinati tsempho layamba. Nzeru zinkandiuza kuti ndi madzi amene anamwa, koma mantha sakambirana ndi nzeru. Mawa lake sindinapite kudambo. Ndinakhala pakhonde ndikumudinikiza patsaya ndi chala kuona ngati pasiya kadzenje.

Kutsidya kwa khwawa kunali sing'anga wodziwa mankhwala a tsempho, ndipo aliyense ankadziwa kuti chaka chimenecho sankalandira zikomo wapakamwa. Ankafuna chodyedwa. Nkhuku ndinalibe, mchewere unali utatha. Chotsala m'nyumba monse chinali chikho chija. Ndinachitsitsa padenga n'kukhala nacho pakhomo, mpeni uli m'manja. Ndikapereka mbewu, kudimba sindibzala, ndipo mwanayo adzafa ndi njala miyezi ikubwerayi. Ndikaisunga, mwina afa ndi tsempho mlungu womwewu. Ndinawerengera uku ndi uku, koma mbali zonse ndinkangopeza manda. Dzuwa litapendeka ndinayamba kukokota dothi lija.

Akulu anandipeza ndikukokota. Anabwera ndi kambale ka nyika zophika, n'kuika pansi, n'kukhala patali pang'ono monga ndinawazolowezera.

"Ukupita nayo kuti mbewuyo?"

"Kwa sing'anga. Nanga ndidikire atupe?"

"Leka kugopa, make mwana. Mata chikhocho. Mwana nkhabe kudwala tsempho, sadwala ayi."

"Mukudziwa bwanji? Ndinu sing'anga inu? Alamu ali m'nyumba mwanu momwemo, kapena mukuyesa sindiwaona?"

Anayamba kuchotsa matope m'zikhadabo. Nkhani za kumphasa munthu sauza mkazi wa mlamu wake wamng'ono, makamaka wamwano ngati ine. Ndinaona kuti zikuwalemera, ndipo atayamba kuyankhula sanandiyang'ane kumaso.

"Dzulo ndinalephera kunena pamaso pa anzathu aja, manyazi anandigwira. Tsiku loyamba lija unakwera m'mwadiya ndi khanda, tinakuona mmene unkanjenjemerera. Titabwerako tinakhala pansi atatu tonse. Tinati mwana ali pamadzi tsiku lililonse, amake ali pansi pa madzi, lidzafika tsiku loti wina amugwire, ndipo sitikudziwa kuti adzakhala ndani. Ndiye aliyense anakauza mwamuna wake kuti ayale mphasa yake payekha mpaka bambo a mwanayu abwere."

Mpeni unagwa m'manja mwanga. Ndinafunsa ngati amunawo anavomera.

"Kuvomera? Alamu ako sakundiyankhula mpaka lero. Mnzathu wamng'ono uja wake anamumenya, sunaone diso lake? Koma palibe wabwerera m'mbuyo. M'mwadiya muja tonse ndife ozizira, make mwana. Tinazizira kalekale, iwe uli pakalikiliki kukoka nsalu."

Ndinali nditaliona diso lija. Ndinali nditamusekanso mumtima kuti pakamwa pake pamulipiritsa.

Mwana anali pamphasa akuponya timiyendo. Ndinamunyamula, n'kuyenda chogwada mpaka pomwe akulu anakhala, n'kumuika pamiyendo pawo. Mantha a miyezi yonse ija sachoka tsiku limodzi, ndipo ndinatsala pang'ono kumukwatulanso. Iwo anamulandira ndi manja awiri, n'kumununkhiza pamutu, n'kundiuza kuti ndidye nyika zisanazizire.

Ndinadya ndi manja onse awiri, koyamba chibadwire mwanayo.