Pulinta yofunafuna kwawo kwakale

Chaka chimene ndinasintha sisitimu ya kompyuta ya pasukulu yathu ku Lupembe, ndinatsala pang'ono kuletsedwa kulowa mu ofesi. Kompyutayo tinaipatsidwa ofesi ina ya ku Kayelekera itatseka. Inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe, ndiye ine, mphunzitsi wa masamu wodziwako pang'ono za makina, ndinaikamo sisitimu yatsopano. Liwiro linabweradi, koma pulinta inangoti zii. Linali Lachiwiri, ndipo mayeso oyeserera a Fomu 4 amayamba Lachisanu, mapepala asanasindikizidwe.

Ahedi anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Madamu, chinthu chimagwira ntchito bwinobwino. Mwachipheranji?"

Zinandiwawa, sindibisa. Ana aja ndinali nditawaphunzitsa zaka zinayi, ndipo tsopano akalephere kulemba chifukwa cha manja anga.

Ndinafufuza masiku awiri mpaka ndinapeza timafayilo tobisika totsalira ku sisitimu yakale. Timafayiloti tinkauzabe kompyuta kuti izitumiza mapepala ku pulinta yakale ya ku Kayelekera kuja, imene mwina dzimbiri linadya kalekale. Ndinathamangira kwa ahedi kukanena kuti ndikufuna kutifufuta.

"Kufufuta fayilo? Yayi!" anatero, atatambasula manja patsogolo pa kompyuta. "Muno fayilo sitaya. Makalata a ahedi amene anamwalira ine ndisanabwere akadali m'kabatimo."

Ndinapsa mtima, koma ndinadziwa kuti munthu wokalambira m'maofesi sungamugonjetse ndi pakamwa. Ndinakopera timafayilo tonse pa fulashi, n'kuika mu envulopu, n'kulemba pamwamba pake zimene zinali m'katimo. Ahedi anawerenga kawiri, anadinda chidindo cha sukulu, anasaina, kenako anaitsekera m'kabati.

"Tsopano sesani," anatero.

Ndinafufuta kamodzikamodzi, poopa kuchotsa kofunika. Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, kenako ndinatumiza pepala la masamu. Pulinta inatsokomola, inakhala chete, n'kuyamba kukoka pepala. Ndinaligwira likadali lofunda, ndipo ndinaseka mokweza moti aphunzitsi anzanga anasiya tiyi kudzasuzumira pazenera.

Lachisanu m'mawa ndinagawa ndekha mapepalawo m'kalasi, mwana aliyense lake. Potuluka ndinakumana ndi ahedi pakhonde. Anamasula kiyi wa ofesi pamulu wa makiyi awo n'kundiika m'manja.

"Madamu, kuyambira lero makinawa ndi anu. Ngakhale ine ndizipempha kwa inu."