Dzina la bambo anga analipachika mumphepo

Abale a bungwe lathu la maliro, ndi nonse amene kalatayi ikufikeni: sitolo ina ya makompyuta m'tauni muno yathamangitsa mayi anga m'nyumba mwanga. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi ali ku Madumabisa kwa mlongo wanga. Akuti sabwerera.

Ndifotokoze bwinobwino, musadzati Phiri wayambanso ukali wake.

Mwana wanga Esinati ndi namwino ku Mangalande. Anabereka mu Ogasiti. Anatitumizira laputopu ndi kabokosi kotchedwa rauta, kamene kamamwaza intaneti m'nyumba popanda waya. Ankafuna kuti agogo ake aziona khandalo pagalasi maso asanafooke.

Lachiwiri 10 koloko m'mawa ndinapita kusitoloko, ndinalipira madola 80. Anati munthu wawo abwera mawa lake 9 koloko. Anabwera Lachisanu, hafu pasiti 3. Dzina lake Mthulisi, bambo wamkulu wandevu zake, osati mwana woti n'kumukhululukira. Anakwera padenga, anaimika kamlongoti, anatsitsa waya mpaka pabalaza. Timagetsi tobiriwira tinayaka. Kenako anati, “Mdala, ndipatseni mawu achinsinsi, oti simungawaiwale.”

Ndinamufunsa kuti adzawaona ndani mawuwo. Anati palibe. Anati akangowalemba amasanduka timadontho.

Ambiri a inu mukudziwa kuti bambo anga anatsika mumgodi wa Kamandama tsiku lija la 1972 limene mgodiwo unaphulika, sanatulukemo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mtembo sitinauone, manda sitinakumbe. Pachitupa cha ntchito anali ndi dzina lina, lachizungu. Koma anali ndi dzina lawo lenileni, la kwawo ku Dedza. Amoyo olidziwa tinatsala atatu: mayi, mlongo wanga, ndi ine. Mayi sanalitchulepo, ngakhale bambo ali moyo. Ankati “a Phiri” kapena “bambo a Yohane”. Mu Juni tikapita pachipilala cha chikumbutso pamgodi paja amangogwada, milomo ili chitsekere. Ifenso ana sitilitchula. Munthu woleredwa satchula bambo ake dzina.

Ndiye ndinaganiza kuti chinsinsi choposa chimenechi ndilibe. Sindinalinene pakamwa. Ndinalilemba papepala n'kumupatsa.

Pa nthawiyo mkuluyo anali atapanira foni paphewa, akukangana ndi munthu za kombi ya ku Bulawayo. Dzanja limodzi likulemba, maso ali pawotchi. Nthawi ya 4:20 anati zatheka, ananyamula chikwama, uyo! Pepala lija ndinalitentha.

Masabata awiri oyamba zinayenda. Mayi anaona khanda, analiimbira nyimbo, anapukuta galasi ndi nsalu yawo kuti alione bwino. Kenako chithunzi chinayamba kuuma pakati pa nyimbo. Ndinkati mwina ndi mitambo.

Lamulungu titabwera ku tchalitchi, 1 koloko, mayi anakhala pakhonde akuvula nsapato. Mayi Ncube, mphunzitsi amene tayandikana nyumba kuno ku Baobab, anasuzumira pampanda akumwetulira. Pamene iwo anatchula dzina ine ndilemba kuti uje, chifukwa m'kalata muno sililowa.

“Gogo, kodi uje ameneyu ndi ndani kwanu kuno? Mumuthokozeko, msewu wonse tikudyera iyeyo. Koma lero ndi waulesi bwanji!”

Mayi sanakuwe. Nsapato imodzi inali m'manja. Anati, “Yohane, anthu awa awadziwira kuti bambo ako?”

Mayi Ncube alibe mlandu, sankadziwa kanthu. Anabweretsa laputopu yawo kudzandionetsa. Dzina lija lili pamwamba penipeni pa mndandanda wa manetiweki apafupi, m'zilembo zikuluzikulu, pambali pake palibe kachizindikiro ka loko. Mthulisi analilemba pamalo a dzina la netiweki, loonekera kwa aliyense wokhala pafupi. Pamalo a mawu achinsinsi sanalembepo kanthu. Khomo linali pululu. Nyumba zisanu zinkalowa mwaulere, n'chifukwa chake khanda linkauma pagalasi.

Za kubedwa intaneti ndilibe nazo ntchito. Chimene chikundidya n'chakuti masabata awiri athunthu dzinalo linali m'kamwa mwa anthu osawadziwa. Mayi Ncube anavomera, akulira, kuti magetsi akabwera ankauzana kuti uje wadzuka. Akazima, uje wafanso. Ankaseka. Mayi anga ali pakhonde pomwepo, akumva zonsezi zikufotokozedwa.

Madzulo a tsiku lomwelo anamanga katundu m'chitenje. Ndinawagwira mkono, anandichotsa dzanja.

Lolemba 8:10 ndinali pakhomo la sitolo. Mayi wa pakauntala ankasewera makhadi pakompyuta. Sanatembenuke. Anapepesa m'chilankhulo chawo, “Uxolo baba, Mthulisi ali ku Binga, mubwere Lachitatu.” Ndinapempha nambala yake. Anati sapereka. Nambala ya munthu wawo ndi chinsinsi, eti? Koma dzina la bambo anga ndi la msewu wonse?

Kuntchito ndinafunsa mkulu woona za makompyuta. Anandiuza kuti kumbuyo kwa kabokosi kuli kabowo, ukabaya ndi singano zonse zimafufutika. Ndinathamangira kunyumba pa nthawi ya nkhomaliro, singano ili m'manja. Kabowo n'kotseka ndi guluu wolimba ngati mwala.

Lachitatu ndinakumana ndi mwini sitolo. Anandiimika mphindi makumi anayi akumwa tiyi. Za guluu anati amatero dala ndi makasitomala onse, kuti asamaononge zinthu kenako n'kumadzadandaula. Za kusintha dzina anati pamafunika mawu olowera m'kati mwa kabokosi, ndipo mawuwo ali m'kope la Mthulisi. Kope lili kuti? M'chikwama. Chikwama chili kuti? Ku Binga. Abwera liti? Akamaliza.

Kenako anandifunsa kuti, “Koma intaneti ikugwira, mdala?”

Ndinati ikugwira.

“Ndiye vuto n'chiyani? Ndi dzina chabe.”

Dzina chabe! Ndinamufunsa ngati bambo ake ali ndi manda. Anati ali nawo, ku Lupane. Ndinati ndiye sungamve. Ndinamenya kauntala, kapu yake inagwa n'kusweka. Ndikuvomera, ndinaswa kapu. Akaitane apolisi, ndikafotokozanso komweko.

Nditafika kunyumba ndinazula waya wa magetsi. Timagetsi tinazima. Ndinkayesa zatha. Loweruka ndili pamzere wa buledi, mkulu wina wa mumsewu mwathu, munthu wa tayi, anandigwira phewa. “Phiri, uje wako uja abwera liti? Wangotisowa.” Akuti laputopu yake imakumbukira, tsiku lililonse imamufunafuna osamupeza. Ndinamugwira kolala. Anthu anatilekanitsa. Koma mawu amenewo ndi omwe ndinkafunsa mayi ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Abwera liti?

Pabalaza panga sindikhalapo tsopano. Ndikadutsa pamene panali kabokosi ndimamva ngati wina wangotuluka kumene. Ndine folomani wa ku wekishopu, ndagwira ntchito ndi zitsulo zaka makumi awiri, si ine munthu wa zamizimu. Koma ndikunena zimene ndikumva.

Dzulo ndinapita ku Madumabisa kukawauza mayi kuti ndazimitsa. Anafunsa ngati dzinalo latulukamo. Ndikanatha kunama. Ndinati ayi, likadali m'kati.

Anati, “Pansi paja ndinazolowera. Ndimadziwa pogwada. Tsopano mwawatulutsa mwawaika mumphepo, aliyense akuwaitana ngati mwana woti amutume. Ine ndikawapeza kuti?”

Ndinawakumbutsa za khanda, kuti Esinati akufunsa. Anati adikira chithunzi cha papepala.

Nditabwerako ndinatenga hamala, ndinaika kabokosi pa sitepe. Ndinakweza dzanja kawiri. Ndinalephera. Ndiphwanye bwanji, muli dzina la bambo anga? Kudzala sindingakataye. Ndakakulunga m'nsalu yoyera, kali pamwamba pa kabati.

Tsono mverani, inu amene ana anu akukutumizirani timabokosi timeneti kuchokera ku Joni ndi ku Mangalande. Munthu akabwera kudzalumikiza, imani kumbuyo kwake. Zinthu n'zitatu. Dzina la netiweki, limene aliyense amaliona: ikani nambala kapena mawu opanda pake. Mawu achinsinsi olowera pa intaneti: lembani nokha ndi zala zanu. Mawu olowera m'kati mwa kabokosi: akhale anu, asapite m'kope la munthu. Asanachoke, pitani kwa woyandikana naye mukaone ngati loko akuoneka. Akatulutsa guluu, muthamangitseni. Ndipo akufa anu asiyeni kumene ali. Apo pokha ndinalakwa ndine, ndipo sindifuna wina andikumbutse.

Kwa inu eni sitolo, kalatayi ikupezani, ndikudziwa. Madola anu sungani. Ndikufuna Mthulisi ndi kope lake pabalaza panga Loweruka lino 9 koloko. Afufute dzinalo ine ndikuona. Ayende nyumba zisanu zija, alichotse m'laputopu iliyonse. Akamaliza tikwere kombi ya ku Madumabisa, avule chipewa, agwade pamaso pa mayi anga, awauze yekha kuti palibenso amene akuwaitana a Phiri.

Ine ndawauza kale, sakundikhulupirira. Akuti dzinalo ndine ndinalemba.

Yohane Phiri, Baobab