Diso la Amalume

Galasi lija linali lakuda bii, lozungulira ngati chivindikiro cha botolo la jamu, ndipo amalume ankalikulunga m'nsalu yofewa kuposa malaya anga a kutchalitchi. Ankalitcha diso. Kampani yawo ya ku Westlands mu Nairobi inkagulitsa maso oterewa kwa asilikali. Akaliika pamphuno pa ndege yankhondo, limaona kutentha kwa injini ya ndege ina ili kutali, n'kumailondola mwakachetechete, wolondoledwayo osadziwa n'komwe.

Inali nyengo ya mvula, tikukhala ku Lang'ata mu Nairobi momwemo, ine ndili kupulayimale. Bambo ankayendetsa kandege konyamula mankhwala kuchokera pa bwalo la ndege la Wilson kupita kutsidya kwa malire, kudziko kumene anthu ankaphana. Akanyamuka m'mawa mazenera athu ankanjenjemera, amayi n'kusiya kusita mpaka phokoso litazimiririka.

Loweruka amalume ankabwera ndi kakamera kachitsanzo kokhala ndi diso lomwelo. Tinkatseka galaja, mkati mdima bii, fungo la petulo ndi makatoni onyowa. Ine ndinkakhala ndege, kuthamanga nditatambasula manja, kukabisala kuseri kwa matayala. "Ndakupeza!" ankafuula amalume. Pakamerapo ndinkaoneka mbee ngati mzukwa, ndipo pomwe ndagwira khoma pankatsala chikhatho chowala. Ndinkaseka mpaka kutsamwa. Koma abale inu, munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuphunzitsa mwana wa woyendetsa ndege kukhala nyama yosakidwa, n'kumati ndi masewera? Manyazi analibe.

Amayi anawafunsapo amalume kuti zinthuzi amagulitsa kwa yani. "Achemwali, n'zodzitetezera izi," anatero. "Ndege ya mankhwala angaikhudze ndani?"

Mvula isanathe, bambo anapita osabwerako. Anzawo akuntchito anati ndege yankhondo inawalondola kuchokera kutali, iwo osamva chenjezo lililonse. Amalawi a mu Nairobi anadzaza nyumba yathu, nsapato zamatope mbwee pakhonde, nyimbo za kwathu zikuimbidwa, koma bokosi la maliro panalibe. Amalume, monga mwini mbumba, anaimirira kuti alankhule m'malo mwathu.

"Khalani pansi," anatero amayi, abusa ali pomwepo. "Munagulitsa kwa yani?"

Amalume anayang'ana pansi. "Diso silisankha, achemwali. Limangoona kutentha."

Mawu amenewo amandipsetsa mtima mpaka lero. Diso silisankha, inde, koma wogulitsa amasankha. Kaya linali lawo lomwe linapeza bambo, sindidziwa, ndipo iwo sanafune kudziwa. Lolemba lake anali atabwerera kale kuntchito, tayi pakhosi.

Tsiku la maliro lomwelo amayi analowa m'galaja, natulutsa kakamera kaja komwe amalume anakasiyamo, n'kukamenyetsa pasimenti, phwaa! Ndinalira mokuwa, azimayi a mvano n'kumandisisita kumutu poganiza kuti ndikulira bambo. Ayi ndithu, ndinkalira diso. Ndinakwiyira amayi mpaka kukana chakudya chawo. Kwa ine bambo anali atangobisala penapake kuseri kwa mitambo, ndipo amayi anali ataswa chinthu chokhacho chimene chikanawapeza.