Tsiku limene anandisiya pa mgodi wakale m'chipululu

Ena mukamva izi munena kuti ndikuthira mchere, koma Mulungu ndi mboni, zinandichitikira ine ndemwe zaka zingapo zapitazo, ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku Al Warqa kuno ku Dubai. Mpaka lero ndikaona mchenga wambiri, ndimayang'ana kumbali.

Abwana anga analandira alendo, ndiye anaganiza zokawaonetsa chipululu ndi mapiri kumene anthu akalekale ankakumba mkuwa. Ine sananditenge kuti ndikasangalale ayi, anafuna ndizikagwira dzanja mayi ake a madamu, gogo wovutika maondo. Tinali m'galimoto ziwiri zazikulu zija zokwera mchenga, dalaivala wakutsogolo ndiye wotilondolera. Ponyamuka ndinakwera yakutsogolo limodzi ndi gogo, koma titaima kuti aphwetseko matayala poopa kutitimira mumchenga, anandisamutsira yakumbuyo kuti mlendo wina atambasule miyendo. Wantchito ndi chikwama, amamuika pamene pali malo.

Anali atatichenjeza kuti tizimwa madzi pafupipafupi, ine n'kumvera ndi mtima wonse, ndiye ndi kudumphadumpha kwa galimoto kuja tinafika pa mgodipo chikhodzodzo chili tho! Wotilondolera uja anayamba kuonetsa maenje ndi miyala yakuda yotsala posungunula mkuwa, anthu n'kumajambula, koma ine palibe chimene ndinkamva. Pamalopo panali abwana, alendo aamuna, madalaivala. Nanga mkazi woleredwa kwathu angaime pamaso pa abambo n'kunena kuti akufuna kukataya madzi? Ndinawakhazika gogo pamwala n'kuzemba mwakachetechete.

Kuseri kwa mulu woyamba wa mchenga ndinkawamvabe akuseka, ndinati pano mpafupi, angandione. Ndinapitirira wachiwiri, n'kutsetserekanso. Pobwerera, abale anga, milu yonse inafanana, ndipo ndikuzungulirazungulira choncho ndinamva wina akufuula yalla yalla, ndiye kuti tiyeni tiyeni, zitseko n'kumenyeka, mainjini n'kulira. Ndinathamanga, koma mumchenga munthu amathamanga? Ndinafika pa mgodi paja pali mikwasa ya matayala yokhayokha. Foni inali m'chikwama m'galimoto, botolo la madzi momwemonso.

Dzuwa la kumeneko musalifanizire ndi la ku Chikwawa, limaotcha kuchokera kumwamba ndi pansi pomwe. Ndinayesa kutsata mikwasa, koma inali yambirimbiri yopingasana, ndinabwerera. Mantha enieni anandigwira nditaganiza kuti abwana akaona kuti ine kulibe angoti ndathawa ntchito, poti atsikana ena amathawadi, ndiye angadzandifune ndani? Ana anga kumudzi akanangomva kuti mayi awo anasowa, opanda manda oti n'kulozapo. Ndinalira, ndikuuzeni, mpaka misozi inaleka yokha kutuluka.

Mthunzi unali pakamwa pa dzenje limodzi la mgodilo basi, ndiye ndinakwawira momwemo, osasamalanso za njoka kapena zinkhanira. Sindidziwa ndinakhala nthawi yaitali bwanji, mutu unali utayamba kuzungulira pamene ndinamva hutala. Galimoto zonse ziwiri zinabwera, zinazungulira pamalopo pang'onopang'ono, koma m'dzenje muja andione bwanji? Ndinayesa kukuwa, lilime lili gwa ngati chikuni, mawu osatuluka. Zinayamba kutembenuka kuti zikafune kwina. Apo ndinavula chitenje chimene ndinamanga m'chiuno, ndinatuluka chokwawa n'kumachikupiza m'mwamba, ndipo dalaivala wakumbuyo anachiona pagalasi.

Sindinakondwepo ndi madzi ofunda a m'botolo ngati tsiku limenelo. Madamu ankalira uku akundikalipira, wotilondolera uja akungobwereza kuti khalas, ndiye kuti basi zakwana, kuyambira lero aziwerenga yekha mitu asananyamuke. Anandifotokozera kuti a galimoto yakutsogolo ankati ndili kumbuyo, akumbuyo ankati ndabwerera kwa gogo m'galimoto yakutsogolo, ndipo akanafika mpaka kumsewu wa tala osadziwa kanthu.

Amene anandipulumutsa ndi gogo aja. Ali m'njira anaumirira kuti galimoto iime andiitane, ana awo akafunsa chimene akufuna, iwo osanena, kumangoti akufuna ine basi, mpaka dalaivala anayankhula pa wailesi ndi mnzake, m'pamene anazindikira kuti ndatsala. Madzulo ndikuwasisita maondo anandinong'oneza kuti nawonso anali atapanikizika kuyambira pa mgodi paja, ankachita manyazi kunena pamaso pa mkamwini wawo, ankadikira ine kuti ndiwaperekeze kuseri. Tinaseka awiriwiri mpaka kutsokomola.

Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu anagwiritsa ntchito chikhodzodzo cha gogo uja, ndipo amene akufuna kuseka aseke, ine ndili moyo. Koma inu akazi anzanga amene mabwana amakutengani m'maulendo otere, ulemu wakwathu ndi wabwino pamene pali mitengo ndi njira yodziwika. Kuchipululu musasunthe phazi musanauze munthu, ngakhale akhale mwamuna wa ndevu. Manyazi a pakamwa amatha tsiku lomwelo, koma ana anu akufuna mubwerere ndi miyendo yanu, osati m'bokosi.