Msomali Wakuda wa pa Msika wa Furancungo

Musati ndapeka nkhaniyi, pakuti ambiri amene anali pa msika wa Furancungo tsiku limenelo akadali moyo, ndipo ine ndikuyankhulane ndine mkazi wa malemuwo.

Amuna anga anali mmisiri wa matabwa kwathu ku Chidzolomondo, koma chimene anatchuka nacho ndi kupinda misomali ndi manja. Ankakulunga msomali m'kansalu, n'kuugwirira pansi pa chibwano, kenaka mumangoona wapindika ngati mbedza. Wa mapolegada anayi, ndiye kuti mainchesi anayi, ankati ngwovuta chifukwa chofupika, dzanja limasowa pogwira. Ankakonda wa mapolegada asanu ndi limodzi, uja wokhomera mitanda ya denga. Wa malata, uja wa chipewa, ankaukana, amati umacheka chikhatho. Ine ndinkanyadira, ndibisirenji? Ndi mkazi uti sasangalala anthu akamaloza mwamuna wake?

Tsikulo tinapita kukagulitsa nyemba, ndipo anthu atawazungulira monga mwa masiku onse, bambo wina wachilendo amene anangotsika m'shapa, minibasi zathu zija, anatulutsa msomali wakuda, uja wokhomera khoma la simenti. Amuna anga anamuuza mwaulemu kuti mtundu umenewu supindika, umathyoka. Iye anaseka n'kunena kuti ndiye kuti mphamvu zawo n'zopindira waya basi. Ndinawakoka malaya, ndinati bambo tiyeni tizipita, koma anthu anali ataseka kale. Anaulandira. Unathyoka ndithu, ndipo chidutswa chinaboola kansalu n'kulowa m'chikhatho.

Balalo linali laling'ono. Anazula chidutswacho, anathirapo gazolina wa njinga yamoto, mawa lake anali kale kumunda akumwaza manyowa a m'khola. Patapita masiku anayamba kudandaula kuti nsagwada zikulimba, kenaka pakamwa panakaniratu kutseguka, ngakhale supuni ya phala sinkalowa. Zimene ndinaona pambuyo pake sindifunira munthu aliyense. Chitseko chikangogunda, kapena tambala akalira pafupi, thupi lonse linkauma, msana n'kupindikira kumbuyo mpaka mutu ndi zidendene zokha n'zimene zinkakhudza mphasa. Ndipo maso anali otsegula, akundiyang'ana, akumva zonse.

Apongozi anga anati mlendo uja wawalodza kuti apindike ngati misomali yawo, ndiye tinathera masiku kwa asing'anga, akuwatema mphini. Pamene tinawamangirira panjinga yamoto kupita kuchipatala, namwino anangoona dzanja n'kunena kuti ndi kafumbata, tizilombo ta m'dothi tinalowera pabala, ndipo tachedwa. Anayesetsa ndithu. Tsiku lomaliza amuna anga ankalimbana kuti andiuze kanthu, mawu akutsekeka kuseri kwa mano. Ndinaika khutu pakamwa pawo, sindinamve. Kodi ankanena za ana? Kodi ankapepesa? Mpaka lero sindidziwa.

Apongozi akunenabe kuti anali matsenga, ndipo sindilimbana nawo, anataya mwana. Ine ndimakhulupirira namwino uja, kuti tikanapita tsiku lomwelo bwenzi lero akupala matabwa pakhonde. Ndiye inu abambo, akakusekani pagulu, lolani akusekeni, kuseka kumatha msika ukamwazika. Ndipo chitsulo chikakubayani, kaya bala lichepe bwanji, pitani kuchipatala dzuwa lisanalowe. Ana anga akukula akumva za mphamvu za bambo awo kwa anthu ena.