Amayi ndi Mafumu a Angerezi

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anafunsira unzika wa Britain. Tinkakhala ku Tottenham, pamwamba pa sitolo yogulitsa nsomba zouma ndi zilazi, ndipo fungo lake linkatilowa mpaka m'zovala. Ndinali ndi zaka khumi. Bambo anali atamwalira, amayi n'kumagwira ntchito panyumba yosamalira okalamba. Chilolezo chokhala m'dzikomo anali nacho, koma chinkatha mphamvu munthu akakhalitsa kunja. Agogo aamuna ku Ntcheu anali atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo amayi ankafuna kukawadwazika osawerenga miyezi.

Masiku amenewo kunalibe mayeso olemba. Tinkangodziwa kuti nthawi zina kumabwera munthu wa boma kudzamva ngati wofunsirayo amayankhula Chingerezi. Zoti amafunsa chiyani, aliyense kutchalitchi anali ndi zake. Mayi Tembo a ku Chipata, otsogolera kwaya, anati, "Bafunsa mafumu yonse, ba sisita, kuyambira ya kudala." Iwo anali asanafunsidwepo, koma mawu awo ndiwo anali aakulu.

Choncho ine ndinakhala mphunzitsi, popeza za mafumuzo tinali titaphunzira kusukulu. Kalasi yathu inali malo ochapira zovala pamakina, Loweruka lililonse masana. Munkatentha, mawindo ali nthunzi yokhayokha, sopo akuyabwa m'mphuno. Amayi ankapinda malaya, ine nditakhala pamwamba pa makina ndikutchula mayina. Mayinawo ankangobwerezeka, kusiyana manambala okha, ndipo amayi ankati Angerezi ndi aulesi potcha ana. Titafika pa mfumu ija yonenepa imene inakwatira akazi asanu ndi mmodzi, ena n'kuwadula mitu, anasiya kupinda.

"Nanga alongo awo a akaziwo anali kuti?"

Ndinangowauza m'Chingerezi kuti ayambirenso kutchula mafumuwo, ndipo anayambiranso. Kuwalamula amayi kunkandikoma ndithu.

Munthu wa boma uja anabwera tsiku lina masana mvula ikuwaza: bambo wamtali, wodwala chimfine. Amayi anali atavala diresi ya kutchalitchi, tiyi ali m'makapu a alendo. Bamboyo anawafunsa ntchito yawo, basi imene amakwera, ndiponso ngati okalambawo amavuta. Poyamba amayi ankayankha mawu amodziamodzi, manja ali pamaondo. Kenako anaiwala mantha, n'kuyamba kufotokoza za gogo wina amene ankabisa mano ake oikirira m'nsapato za anzake. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola, analembalemba, n'kutsanzika. Za mafumu sanafunseko ngakhale imodzi.

Amayi atatseka chitseko anaima pomwepo. "Basi?" anatero, ngati munthu amene waphera alendo nkhuku, alendowo n'kungomwa madzi.

Yankho linachedwa, koma linabwera labwino. Kungoti nthawiyo malamulo a kwathu sankalola munthu kukhala nzika ya mayiko awiri, ndiye unzika wa Malawi unathera pomwepo. Titatera pabwalo la ndege ku Blantyre tinaima pamzere wa alendo. Wodinda mapasipoti anawerenga dzina la amayi ndi kumene anabadwira, n'kufunsa m'Chichewa, "Mayi, mukhala nthawi yaitali bwanji kuno?"

"Mpaka bambo anga atadzuka kapena atagona."

Anawadindira mwezi umodzi. Ine ndinabwerera kusukulu ku Tottenham, n'kumakhala kwa Mayi Tembo. Amayi anatsala, ndipo nthawi ikamatha ankakwera basi kukapempha masiku ena. Agogo anamwalira chimanga chitayamba kuuma, ali m'manja mwa amayi.

Lero zinthu zinasintha. Kuli mayeso enieni a pakompyuta, ndipo achinyamata a kutchalitchi amawakonzekera pafoni ali m'sitima. Kwathunso anasintha lamulo, munthu angathe kukhala ndi mapasipoti awiri. Nditamva, ndinawauza amayi kuti tsopano angafunsirenso unzika wa Malawi. Anachotsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Ndikafunsire kwa ndani? Kumene kunagwera mchombo wanga, iyeyo akukudziwa kuposa ine?"