Malimu amene ndinabwera nawo ku ukwati wa Tusayiwe

Ndinaganiza zochoka ku Chisenga chaka chimene adada anamwalira. Mitengo yawo ya khofi inali itakalamba, ndipo pakhomo tinatsala atatu: amama, mlongo wanga wamng'ono Tusayiwe, ndi ine. Ndinaona kuti ndikakhala tizingoyang'anizana ndi njala. Ndinakwera basi ku Chitipa Boma, ulendo wa ku Joni.

Ntchito ndinaipeza pashopu ya matayala a magalimoto othamanga ndi malimu, mikombero imene matayalawo amavekedwapo. Poyamba ndinkangopukuta, kenako anandiphunzitsa kuvula ndi kuveka matayala. Makasitomala athu ankakangana za malimu ngati akukangana za mpira. Ena ankati limu lenileni ndi la kaboni, chifukwa n'lopepuka moti umalinyamula ndi dzanja limodzi, ndipo galimoto imamvera msanga pokhota. Ena ankakakamira la aluminiyamu wosula. Bwana wanga ankawauza kuti la aluminiyamu likagunda dzenje limapindika, umaliona, mwina n'kuliwongola, koma la kaboni likang'aluka silikonzeka ndipo limatha kusweka mosayembekezereka. Bwana akachokapo, mawu omwewa ndinkawanena ndine. Choncho sindinganame kuti sindinkadziwa.

Kumudzi ndinkatumiza zithunzi zambiri kuposa ndalama. Ndinkagona m'kachipinda kamodzi ndi anyamata a ku Karonga, ndipo Lamlungu, iwo akapita kokayenda, ndinkatsala ndekha n'kumayimba foni. Kusungulumwa kumatalikitsa lilime. Ndinalonjeza malata, feteleza, kubwera pa Khirisimasi. Zina ndinkachita mochedwa, zambiri osachita. Amama sankandikumbutsa. Ankangoti yewo, tamva.

Tusayiwe atandiuza kuti akukwatiwa ndi mphunzitsi wina, ndipo ukwati ukamangidwira ku Lufita, ndinamuuza kuti asafune galimoto ina. Mkwatibwi ndidzamunyamula ndine.

Ndinali nditagula galimoto yachijeremani yakale, yotopa ndithu. Masiku omwewo kasitomala wina anabwera atagunditsa limu lake la kaboni. Bwana anapeza mng'alu wochepa ngati tsitsi kuseri kwake. Munthuyo anakwiya, anagula a aluminiyamu, akalewo n'kuwasiya onse anayi. Atatu abwinowo bwana anandigulitsa motchipa, long'alukalo anati ndilidule ndilitaye. Sindinalidule. Ndinaveka onse pagalimoto yanga, ndipo inaoneka ngati ya munthu amene zinthu zamuyendera. Tayala lapadera ndinalichotsa kuti mphatso zikwane.

Pa tala ndinayenda bwinobwino kuchokera ku Joni mpaka ku Chitipa, ndipo mantha anandithera.

M'mawa wa tsiku la ukwati Tusayiwe anakwera kumbuyo ndi mnzake womuperekeza. Anali atavala diresi loyera lobwereka ku Boma. Msewu wochokera ku Chisenga ndi wafumbi, wa miyala ndi mizeremizere. Ndinkayenda pang'onopang'ono, koma mnzake uja atanena kuti tachedwa, ndinaponda. Potsikira pamlatho wina ndinagunda mwala. Kunamveka ngati thabwa lathyoka, galimoto inagwada kutsogolo, n'kutsetserekera m'ngalande.

Tusayiwe anamenyetsa nkhope pampando. Mlomo unang'ambika, magazi n'kudonthera pachifuwa pa diresi. Sanalire. Anandiyang'ana ine mlongo wake n'kufunsa, "Adumbu, mwavulala?" Ndinatuluka n'kuona limu lija litasweka ngati mbale.

Ndisanaganize n'komwe chochita, kumbuyo kunatulukira pikapu ya a Chimbalanga, bambo wa ku Ntcheu amene ali ndi golosale kwathu. Kumbuyo kwake kunali amayi a kwaya, koma mpando wakutsogolo unali wopanda munthu, atayalapo chitenje chatsopano. Amayiwo anatsika, anamupukuta Tusayiwe, wina anamanga maluwa pamene panali magazi. Ndinathokoza a Chimbalanga kuti Mulungu wawatuma. Iwo anandiyang'ana mwamanyazi n'kunena kuti amama anawapempha kalekale kuti azidzabwera pambuyo panga, ndipo kutsogoloko asadzakwezeko aliyense.

Ine ndinakwera kumbuyo, pakati pa amayi oimba, suti yanga ikudya fumbi. Ukwati unamangidwa. Pa zithunzi zonse mlomo wa mlongo wanga ndi wotupa. Palibe amene anandinyoza, ngakhale mlamu wanga, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kutukwanidwa.

Ku Joni sindinabwererenso. Galimoto ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndikadutsapo ndimayang'ana kumbali.

Mawa lake la ukwati ndinawapeza amama akutsuka mapoto obwereka. Ndinakhala pansi n'kuwafunsa kuti anadziwa bwanji za limu lija, poti sindinauze munthu. Anandifunsa kuti limu n'chiyani. Nditawafotokozera, anapukusa mutu.

"Za matayala ako ine sindizidziwa, Wongani," anatero mofatsa, osasiya kutsuka. "Kungoti tinazolowera. Ukanena kuti uchita chinthu, ife kuno timakonzeratu china."

Atatero anandipatsa poto kuti ndigwire, iwo n'kupita kukaona ngati alendo adya.